KANYALI KA CHECK ENGINE: INU OMATA TEPI PA DASHIBODI, NDIMVERENI

Abale anga a ku Kachulu, a ku Mchenga, a pa Chisi, ndi inu muli ku Joni amene mwezi ndi mwezi mumatumiza ndalama zokonzetsera galimoto kumudzi, uthengawu ndi wautali, ndikudziwa, koma bandulo yanu siithera pano. Werengani mpaka pansi. Amene ati akwiye akwiye, bola akwiye atawerenga.

Pali khalidwe lina lomwe lazika mizu pakati pathu ndipo likutidyera ndalama mwakachetechete. Tsiku lina mukakwera Sienta kapena Probox yochoka kuno kupita ku Zomba, dzapempheni mpando wakutsogolo muyang'ane pa dashibodi. Kawirikawiri mupeza kanyali kachikasu kachithunzi cha injini kali ngwee. Ngati sikakuoneka, yang'anitsitsani, mupeza pamalo pake pamatidwa tepi yakuda ya magetsi, kapena kasitika ka timu ya mpira, ena mpaka vesi ya m'Baibulo. Mukafunsa, yankho lake ndi lomwe lija lija: "Aaa bwana musadandaule, ndi sensa chabe. Za ku Japan zonse zimatero."

Bodza limeneli ndatopa nalo. Galimoto sichoka ku fakitale ikuyatsa kanyali kameneka. Timayatsa ndife, ndi fumbi lathu, ndi petulo wathu wa m'zigubu, ndi manja a anthu amene timawapatsa makiyi. Ndipo mawu oti "sensa chabe" ndi ofanana ndi kunena kuti mwana watentha thupi koma vuto ndi kachipangizo ka adokotala koyezera.

Ife ana a asodzi ndiye tiyenera kuchita manyazi kwambiri ndi zimenezi. Bambo anga sanapite patali ndi sukulu koma sangapalase bwato kupita ku zimbowera asanaone kumwamba ndi kumva kumene mphepo ikuchokera. Madzi akayamba kulowa pang'ono pansi pa bwato, saponyapo thumba kuti asawaone, amafufuza pamene akulowera. Ndiye mwana wawo, wodziwa kutsitsa mafilimu pa foni, akumata tepi pa chizindikiro choti injini ikudwala? Ayi ndithu.

Ndifotokoze kaye kuti kanyalika n'chiyani, poti ambiri timangokaopa osakadziwa. Magalimoto onse amene tikugula masiku anowa, Sienta, Probox, Vitz, Passo, Freed, Note, ali ndi kakompyuta kamene kamayendetsa injini. Kamayeza mpweya umene ukulowa, kamayeza kutentha kwa madzi, kamamva mmene injini ikuzungulirira, kamanunkhiza utsi wotuluka ku ekizozi, kenako n'kuganiza kuti kathire petulo wochuluka bwanji ndi kuthetheretsa moto nthawi yanji. Kakaona kuti china chake sichikugwirizana, kamalemba nambala ya vutolo m'mutu mwake n'kuyatsa kanyali kaja. Nambalayo ndi imene amati khodi. Njira imeneyi imatchedwa OBD-II, ndipo ku America inakhala lamulo pa magalimoto onse atsopano kuyambira 1996, ku Ulaya a petulo anatsatira mu 2001. Sizachilendo ayi, ndi zakale kuposa ena a inu amene mukuwerenga. Pansi pa chiwongolero, cha kumawondo kwa dalaivala, pali soketi ya mabowo 16. Pamenepo ndi pakamwa pa galimoto. Mukalumikiza makina owerengera, galimoto imanena yokha chimene chikuipweteka.

Ndiye tamverani misala yake: tili ndi wodwala woti amatha kuyankhula, ife n'kumutseka pakamwa, kenako n'kuyamba kulosera matenda ake ngati tapita kwa asing'anga.

Ndikupatseni nkhani ya pabanja pathu pomwe. Malume anga ali ndi Sienta yakale ija, ya injini ya 1NZ, anawagulira ana awo awiri amene ali ku Johannesburg. Galimoto imeneyo si yamasewera. Ndi imene imanyamula matumba a matemba ndi milamba yowamba kupita nayo ku msika, ndi imene imanyamula mpunga nthawi yokolola, ndipo usiku mayi wapakati zikamuvuta, pamudzi ponse amagogoda pa chitseko cha malumewo kuti athamangire naye ku Zomba Central. Inayamba kunjenjemera ikaima, pachitunda n'kumatha mphamvu, kanyali n'kuyaka. Anaipititsa kwa makaniko wina m'tauni, dzina sinditchula. Munthuyo anaika khutu pa boneti, n'kuti pampu ya petulo yatha. Anagula pampu. Patatha masiku atatu, zomwe zija. Akuti ndi mapulagi. Anagula mapulagi. Kenako akuti manozo akufunika kutsuka, kenako akuti mwina ndi giya bokosi. Ulendo uliwonse, foni ku Joni: "Tumizani, galimoto yafanso." Ana aja akugona anayi m'chipinda chimodzi kuti asunge ma rand, kuno wina akuwagwiritsa ntchito yophunzirira kulosera. Ndipo ulendo uliwonse makaniko uja ankachotsa waya wa batire kwa mphindi zingapo kuti kanyali kazime, malume n'kumanyamuka akumwetulira, kanyali n'kudzayakanso asanafike n'kunyumba komwe.

Mapeto ake mtsikana wina amene anaphunzira za magalimoto ku koleji ya ntchito zamanja analumikiza makina, mphindi ziwiri zokha, pa sikirini panatuluka P0302. Tanthauzo lake: silinda yachiwiri ikuphonya moto. Sanathamangire kunena kuti gulani chakuti. Anamasula koilo ya pa silinda yachiwiri n'kuisinthanitsa ndi ya pa yachitatu, anafufuta khodi, n'kuyendetsa galimoto pang'ono. Khodi inabwera yatsopano: P0303. Vuto lasamuka limodzi ndi koilo. Basi, mlandu watha, wakuba wagwidwa ndi mbuzi m'manja. Koilo imodzi. Pampu yakale ija inalibe vuto lililonse, ndipo sitikudziwa kuti inakathera m'galimoto ya ndani.

Ndikudziwa ena muyankha kuti amakaniko akale ankadziwa ndi khutu. Zoona, ndipo ndimawapatsa ulemu wawo madala amenewo. Amene ankakonza ma Peugeot 404, ma Datsun ndi ma Land Rover a kabuleta ankamvadi injini ngati mayi amvera kulira kwa khanda. Khutu ndi manja zikufunikabe mpaka lero. Koma injini ya masiku ano imabisa matenda. Mpweya ukamalowera pambali, kakompyuta kamawonjezera petulo kuti injini izimvekabe bwino. Khutu limva kuti zonse zili bwino, thumba lanu ndi limene limve kuwawa pa filing'i siteshoni. Makaniko wa lero amene akukana makina owerengera ali ngati msodzi wokana tochi poti agogo ake ankayenda ndi mwezi.

Komanso musaganize kuti ndikuyamikira aliyense amene walemba pa geti kuti "computer diagnosis". Kumeneko kulinso akathyali awo. Alipo amene amalumikiza makina, n'kudina pofufuta, kanyali thii, n'kukulipiritsani ngati akonza. Ameneyo wakuberani kawiri. Wakudyerani ndalama, komanso wafufuta umboni, chifukwa pamodzi ndi khodi kakompyuta kamasunga chithunzi cha nthawi imene vuto linachitika: galimoto inkathamanga bwanji, injini inali yotentha kapena yozizira, inkazungulira motani. Zimenezo ndi zimene makaniko weniweni amafuna. Ndipo alipo ena amene amawerenga khodi n'kukugulitsani chipangizo chimene dzina lake latuluka pa sikirini. Khodi ikatchula sensa ya ku ekizozi sizikutanthauza kuti sensayo yafa. Mwina waya wake unadyedwa ndi makoswe, ndipo inu amene mumagoneka galimoto ili ndi fungo la nsomba pafupi ndi nkhokwe mukudziwa zimene makoswe amachita. Mwina pulagi yake ya magetsi inachita dzimbiri. Kumbukirani madzi a Freddy mu March 2023, magalimoto angati kuno anawoloka madzi ofika m'zitseko? Matope amene analowa m'masoketi nthawi imene ija ena akuyamba kuvuta pano. Khodi imakulozerani mudzi, koma nyumba ya wolakwa muyenera kuifufuza nokha.

Tsopano za kwathu kuno zenizeni, zimene zimayatsa kanyalika pa misewu yathu.

Fumbi. M'chilimwe msewu wopita kunyanja mumaudziwa, galimoto ikadutsa mumatha kulemba dzina pa nkhope ya mnzanu. Sefa ya mpweya imadzadza msanga, ndiye m'malo mogula ina timaimenya pa tayala kapena kuipopera ndi kompuresa mpaka kubooka. Fumbi likadutsa limakamata pa kawaya kowonda ngati tsitsi kamene kamayeza mpweya wolowa mu injini. Kawayako kakada kamayamba kunama, kakompyuta n'kuthira petulo wosakwanira, n'kutuluka khodi ya P0171. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi sefa yatsopano ndi kutsuka sensayo ndi sipuleyi yake yapadera. Osati kuipukuta ndi nsanza, osati kuiviika mu petulo, kawaya kaja sikakhudzidwa ndi chala. Koma P0171 yomweyo ikhozanso kubwera chifukwa paipi ya labala yang'ambika, kapena pampu yafookadi. N'chifukwa chake ndikuti kufufuza, osati kulosera.

Petulo wa m'zigubu. Apa tisanamizane, tonse tinagulapo. Mafuta atasowa mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, munthu wa ku Kachulu akanatani, kukagona masiku awiri pa mzere m'tauni nsomba zikuwola? Sindikuweruza amene anagula. Koma tivomereze kuti m'zigubu zina munali parafini, mwina madzi, mwina zinyalala za m'chigubu cha mafuta ophikira. Komanso petulo wa ku Malawi kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyontho, ndiye petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino m'mbali mwa nyanja sakhala yemwe uja. Ngati kanyali kayaka tsiku lomwe mwathira mafuta a pamsewu, muuzeni makaniko zimenezo. Osabisa. Munthu sabisira dokotala zimene wadya.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha katalisiti. Mu ekizozi ya galimoto muli chinthu chokhala ngati chisa cha njuchi, chimene chimayeretsa utsi. Mkati mwake muli tizitsulo todula kwambiri, platinum, palladium ndi rhodium, ndipo n'chifukwa chake pali anthu oyendayenda ofuna kugula. Ena amagulitsa okha mwakufuna kwawo atamva kuti "galimoto ipuma bwino". Ena amawachotsera osadziwa, galimoto itagona ku galaja kapena ili pa ulendo wochokera ku doko la Dar es Salaam. Kuseri kwa chisacho kuli sensa imene ntchito yake ndi kuona ngati utsi wayeretsedwa. Chisa chikachoka, sensa imaona kuti palibe chasintha, n'kutuluka P0420, ndipo kanyali kamayaka mpaka kalekale.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye werengani pang'onopang'ono. Kanyalika ndi kamodzi kokha, koma matenda amene kamanena ndi mazanamazana. Mukakalola kuti kazikhala koyaka chifukwa cha katalisiti, tsiku limene sensa ya kutentha kwa madzi idzafe, kapena koilo idzayambe kuphonya, kadzakuuzani bwanji? Kayaka kale. Muli ngati munthu amene galu wake amauwa usiku wonse tsiku lililonse, tsiku lobwera wakuba weniweni mwini nyumba ali mkonono. Ndalama imene munalandira pogulitsa chisa chija munagulitsira pamodzi ndi mlonda wa injini yanu. Ngati yanu inachotsedwa kale ndipo simungakwanitse ina, chabwino, moyo ndi wovuta, koma ndiye muli ndi ngongole yowerengetsa makhodi pafupipafupi kuti muone ngati kuseri kwa P0420 sikwabisala mnzake.

Ena akuti, "Iwe ukuyankhula ngati tili ndi ndalama." Aise, ndi chifukwa choti tilibe ndalama n'chifukwa chake ndikuyankhula. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Zipangizo zonse za galimoto zimachokera kunja. Kale makaniko akalosera molakwa unkangoti zachitika, lero kulosera kumodzi ndi fizi ya mwana ya teremu. Ndipo ndalama zathu kuno zimadalira nyanja yosadalirika. Chilwa ilibe mtsinje wotulukira, ndi yosaya, imangodalira zimene Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi anzake abweretsa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tonse tinaona ndi maso mabwato atakhala pa matope ong'aluka. Nyanja ikauma, kapena ingotsekedwa nyengo yoti nsomba ziswane, banja limene lili ndi galimoto yamoyo limapulumukira pa matola. Limene injini yake inagogoda limayang'ana chitsulo chili pa mawe kuseri kwa nyumba nkhuku zikuikiramo mazira. Olemera angathe kuseweretsa injini, ife ayi.

Pali kachipangizo kena kakang'ono ngati bokosi la machesi, amati ELM327, kamalowa pa soketi ija n'kumayankhula ndi foni pa Bluetooth kudzera pa ma app ngati Torque kapena Car Scanner. Mtengo wake sufika ngakhale pa tayala limodzi. Achimwene muli ku Joni, ulendo uno m'malo mwa sipika ina ya Bluetooth, ponyani kameneka m'katundu. Ndichenjeze pokha kuti magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan amakana kuyankhula ndi kotchipaka, amafuna makina akuluakulu, ndipo ngakhale kagwire ntchito sikakusandutsani makaniko. Koma kulowa mu galaja uli ndi nambala yolemba papepala ndi kosiyana ndi kulowa uli manja lende ukuti "ikungomveka mwina mwake". Wokuberani amayamba wayeza kaye ngati mukudziwa kanthu. Madalaivala a pa siteji ya Kachulu, mumasonkherana za maliro ndi za chipereganyu, kamodzi kokha ka gulu lonse kangakulepheretseni?

Ndipo tisiyanitse nyalizi, chifukwa ena mumaziika m'thumba limodzi. Kachikasu ka injini kakayaka n'kukhazikika, galimoto ikuyenda bwinobwino, simukufunika kuima pakati pa dambo usiku. Fikani kumene mukupita, koma sabata isathe musanawerengetse. Kakayamba kuphethira, kuthima n'kuyaka, imeneyo ndi nkhani ina: injini ikuphonya moto kwambiri, petulo wosapsa akupita ku ekizozi kumene akhoza kutenthetsa chisa chija mpaka kusungunuka. Chotsani phazi pa moto, pezani poima. Tsono zofiira ndiye sizikambirana. Kofiira kokhala ngati ketulo kakutanthauza kuti oilo sakuyenda mokwanira mu injini, zimitsani pomwepo, osati "tingofika pa Govala". Mphindi zochepa zokha zikwanira kupha injini. Kofiira ka kutentha chimodzimodzi, ndipo musatsegule chivindikiro cha redieta ikadali yotentha, anthu apsa nkhope ndi zimenezi. Kofiira ka batire kakayaka mukuyenda, tsegulani boneti muone lamba, chifukwa pa injini ngati 1NZ lamba amene amazunguza alitaneta ndi yemweyo amazunguza pampu ya madzi. Akaduka, chotsatira ndi kuwira. Koma kabuluu kaja kamene kamayaka m'mawa mukangoliza kasakuopseni, kakungonena kuti injini sinatenthe, kamazima kokha. Ndinaonapo munthu atamata tepi pa kabuluu kosalakwako limodzi ndi kachikasu, kuti dashibodi izioneka yaukhondo.

Tepi ili ndi ubwino umodzi, imaoneka. Oopsa kwambiri ndi amene amamasula dashibodi n'kuchotsa babu, kapena kupaka utoto wakuda mkati, kapena kulumikiza waya wa kanyalika ku nyali ya oilo kuti ziziyakira ndi kuzimira limodzi ngati zonse zili bwino. Amachita zimenezi pofuna kugulitsa galimoto. Ameneyo si makaniko, ndi wakuba wovala ovolosi, ndipo amene amamutuma ndi wakuba mnzake. Mukugulitsa matenda kwa munthu amene wasunga ndalama za matemba zaka zitatu, mwina wa mpingo wanu womwe.

Ndiye inu amene mukukonzeka kukagula galimoto ku Limbe, ku Lilongwe, kaya kwa munthu pa Facebook, chitani ichi musanapereke ngakhale tambala. Tembenuzani kiyi kufika pa ON koma osaliza injini. Ngati ndi ya batani, dinani kawiri phazi lisali pa buleki. Nyali zonse ziyenera kuyaka, ndi kachikasu ka injini komwe, chifukwa galimoto imadziyesa yokha. Ngati kameneko sikakuoneka, wina anakapha. Kenako lizani injini, kazime. Musakhutire ndi pamenepo, chifukwa wogulitsa wochenjera amafufuta makhodi m'mawa womwewo. Muuzeni wa makina aone ngati kakompyuta kamaliza mayeso ake onse. Makhodi akangofufutidwa kumene, kapena batire ikangochotsedwa, makina amaonetsa kuti mayeso angapo sanathe, ndipo amafuna galimoto iyende ndithu kuti amalizike. Mukaona zimenezo funsani chifukwa chake. Yendani nayo mtunda wautali, mukwere nayo chitunda, muizimitse, muilizenso, muwerengetsenso. Gwadani muyang'ane pansi pa ekizozi ngati pali chipsera cha kuwotcherera kwatsopano. Wogulitsa akayamba kuti "ndili pa changu, pali wina akubwera ndi kashi", musiyeni wa kashiyo agule.

Ndipo inu malume, azakhali, ndi amayi amene galimoto ndi yanu koma woyendetsa ndi mnyamata wolembedwa ntchito kapena mphwanu, lowani m'galimotomo nokha kamodzi pa sabata, tembenuzani kiyi, yendetsani chala pa galasi la dashibodi. Mukapeza tepi, imatuleni pamaso pake. Ikapita ku galaja, nenani kuti mukufuna nambala ya khodi yolembedwa papepala asanafufute, ndipo chipangizo chilichonse chimene achotsa abweze m'manja mwanu, ngakhale chikhale chakufa. Inu a ku Joni, wina akakuimbirani kuti tumizani ya pampu, yankhani kuti ayambe watumiza chithunzi cha sikirini ya makina pa WhatsApp pompano.

Tumizani ku magulu a madalaivala ndi a mabanja. Amene ali ndi khodi yomwe sakuimvetsa aponye m'gulu, pamodzi ndi mtundu wa galimoto, chaka chake, ndi kumene anathira mafuta komaliza.